Fulashi Yokana Kuiwala

Ndinaimangirira pamfundo ya chitenje
pamodzi ndi ndalama ya kabaza wobwerera,
ndikuchoka ku Phokera dzuwa lisanakwiye.
Pofika pa Bangula linali litakwiya kale,
phula likunamatira kunsi kwa patapata.

Kuseri kwa amayi ogulitsa milamba yowamba
kuli kakontena ka Zuze,
mwana wa a Alufandika amene ankasoka maukonde.
Iye amasoka mafoni.

Ndinati: Pukuta zonse, usasiye kanthu.
Muli ukwati wanga ndi Tchale,
maola atatu a utse ndi valimba,
mbuzi imene bambo anga sanamalize kulipira,
ndi mwini wakeyo, m'suti yobwereka, akulumbira.
Pano ali ku Tete, akulumbirira wina.
Dominga akufuna poika manotsi a Folomu Folo,
ndipo ine ndilibe yogulira ina.

Zuze anaibaya m'nthiti mwa laputopu.
Kamzere kobiriwira kanayenda, kanayenda,
kanaima pakati ngati bwato pamchenga.
Makina anayankha m'Chizungu chouma
kuti ntchitoyi singatheke.

Anaizula, anaiuzira ngati diso lolowa fumbi,
anaibaya pabowo lina. Chimodzimodzi.
Anatenga mswachi wakale ndi sipiriti,
nachotsa dzimbiri la madzi a chaka chija
pamene Ruo anadzagona m'nyumba mwathu osagogoda
ndipo fulashiyi inapulumuka m'chitini cha mchere.
Kenako magetsi anathima.
Tinakhala chete, thukuta likutsika m'msana,
mpaka analumikiza batire la galimoto yakufa.

Yadzitsekera m'kati, anatero.
Kuwerenga ikulola, kulembedwa ikukana.
Ndinaseka osafuna.
Ndikuidziwa nthenda imeneyo, ndimagona nayo.

Anatsegula chinsalu chakuda bii,
zilembo zoyera zikutuluka ngati chiswe,
iye akulemba ndi zala ziwiri, lilime panja.
Anaiitana ndi nambala yake,
anawerenga kawiri kuti angaphe yosalakwa,
anamasula loko wosaoneka,
nandiyang'ana: Mayi, ndikakanikiza apa, basi.
Kulibe kubwera mawa mukulira.

Panja ngolo ya thonje inadutsa ikulira mateyala.
Ndinakumbuka kuti mayi anga alimo,
pamphindi ya makumi anayi, akululutira,
mano onse akadali m'kamwa.
Ndinati: Dikira.
Ndidulire pamenepo pokha, uike m'foni.
Anadula. Masekondi khumi ndi asanu ndi awiri.
Tsopano kanikiza.

Sipanamveke kanthu.
Ndimayesa zaka zisanu ndi zinayi zikamagwa
zimachita phokoso.

Koma Zuze anali asanathe.
Anaiyeza mimba ndi kapulogalamu kena,
napukusa mutu: Munaigula kuti?
Anagula ndi Tchale, pamsika wa Nchalo.
Pachikopa palembedwa sate-thuu,
koma m'kati muli folo basi.
Imalandira katundu yense, imavomera,
kenako imataya mwakachetechete
mpaka tsiku limene yasokonezeka mutu.

Sindinayankhe.
Mayi wa milamba, amene ankamvetsera pazenera,
anati: Hede! Zimafanana ndi ogula.

Zuze anaidulira malire pa msinkhu wake weniweni,
kamunda kakang'ono koma kopanda mkangano.
Kamzere kobiriwira kanayambanso ulendo,
kanadutsa pamchenga paja,
kanakocheza tsidya.

Anandilipiritsa theka, akuti linalo ndi la Dominga,
akakhoze, adzamuthandize Chizungu cha makinawa.
Anandichenjeza: Musamaizule ikadalankhula,
muziyamba mwaitsanzika.

Ndinaimangiriranso pamfundo pomwe paja.
Kulemera kwake n'komweko,
sinapepuke ngakhale ngati njere ya mapira.
Wakabaza anafunsa ngati yachira.
Ndinati yachira, koma yachepa.
Iye anapalasa.
Ine kumbuyo, foni pakhutu,
mayi anga akululutira,
akatha ndibwezanso,
mpaka pa mlambe wa pokhotera kwathu.